Tsiku Limene Manja a Abambo Sananjenjemere

Ine pakamwa panga sipachedwa. Anzanga ku saluni kumene ndimaluka tsitsi amati ndinabadwa ndi lumo pa lilime, ndipo sindiwatsutsa. Koma mawu amene ndinawauza abambo anga tsiku limene anabwera kudzaona mwana wanga woyamba, mpaka lero ndikawakumbukira ndimasiya chimene ndikuchita n'kuyang'ana pansi. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti anyamuleko mdzukulu wawo. Ine ndinawakaniza, pamaso pa apongozi anga.

Muwadziwe kaye abambowo. Anthu ankangowaitana kuti Apenti. Sanali openta nyumba ayi, ndipo mukawatchula choncho ankakwiya. Anali olemba zikwangwani: dzina la golosale, la butchala, la sukulu ya mkaka, mitu ya anthu pakhoma la ometa. Ankalemba osayamba ajambula ndi pensulo. Ankangoima, kuyang'ana khoma, kunyambita mlomo, kenako burashi n'kuyamba kuyenda. Ndili wamng'ono, tikamayenda mumsewu ndinkawerenga makoma mokweza, n'kumauza aliyense wodutsa kuti dzanja limenelo ndi la abambo anga.

Mowa unalowa mozemba. Poyamba unali wa Loweruka, kenako wa madzulo alionse, kenako wa m'mawa. Wa m'mawawo ndi umene ndinaudziwa bwino, chifukwa ndine ndinkawapatsira tiyi. Akadzuka, manja awo ankanjenjemera moti kapu inkalira pa kambale kake, tiyi n'kumatayikira pa thalauza. Ndiye ankalowa kuchipinda, kutsegula bokosi la maburashi, kumeza kamodzi kapena kawiri m'kabotolo kamene kankakhala pansi pa nsanza, ndipo potuluka manja aja ali phee. Ankati ndi mankhwala a dzanja. Ndinakula ndikuwerenga manja amenewo kuposa mmene ndinkawerengera mabuku a kusukulu.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mlongo wanga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, abambo anabwera masana akuimba. Analanda mwanayo kwa amayi kuti avine naye, ndipo pa sitepe yachiwiri ya pakhonde phazi linaphonya. Anagwa onse awiri. Mlongo wanga anamenyetsa chipumi pa ngodya ya simenti, ndipo kwa kanthawi sanalire n'komwe. Anachira, lero ndi bambo wandevu zake, koma chipsera chili pomwepo pamwamba pa nsidze ya kumanzere. Chaka chomwecho amayi anatitenga n'kuchoka.

Kuchokera pamenepo abambo anangotsetsereka. Mankhwala a dzanja aja anasiya kugwira, zilembo zinayamba kupendama. Wa butchala wina anawauza kuti afufute ng'ombe imene anajambula chifukwa makasitomala ankafunsa ngati akugulitsa agalu. Kenako kunabwera makina osindikiza zikwangwani, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndili ku sekondale ndinkawaona atagona pakhonde la bala, nsapato imodzi palibe, ndipo ndinkawoloka msewu. Mnzanga wina atandifunsa kuti, "Kodi si abambo ako aja?" ndinamuyankha kuti abambo anga anamwalira kalekale.

Zoti asiya mowa ndinazimva kwa mlongo wanga, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Anali atasiyapo kangati? Anasiya atagonekedwa m'chipatala, anasiya atapemphereredwa, anasiya amayi atamwalira, ulendo uliwonse sabata ziwiri basi. Ulendo uno akuti ayamba kunyamula zitsulo zolimbitsa thupi kuseri kwa shedi ya wowotcherera wina. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi, mano ena palibe, kukalimbana ndi zitsulo ngati mnyamata wofuna kukopa atsikana. Ndinati asiyeni, akathyokere komweko msana.

Koma miyezi inapita osamva zoti agwa mumsewu. Anapeza ntchito yosakaniza penti m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Ankabwera kwathu mwa apo ndi apo, kuima pakhomo osalowa, ndipo ndinaona kuti khosi lakula, shati yayamba kuthina m'mapewa, maso ayera. Anayambanso kundiitana kuti "mayi" ndi "inu", ine mwana amene ankandituma fodya. Ulemu umenewo unkandinyansa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndi manyazi chabe. Anandiitanapo kawiri kuti ndikaone kumene amanyamulira zitsulozo. Ndinawauza kuti ndilibe nthawi yokaonerera madoda akubuula.

Mwana atakwanitsa sabata zitatu, abambo anabwera Loweruka cha m'ma teni m'mawa, atasamba, atapesa, atanyamula kabulangete kachikasu m'jumbo. Apongozi anga, amene anali atabwera kudzandithandiza, anawalandira bwino, kuwakhazika pa sofa ndi kuwapatsa tiyi. Ine ndinali pa mpando wa kufupi ndi khomo la kuchipinda, ndikuyamwitsa. Ndiye ndinamva kapu ikulira pa kambale. Nditadzutsa mutu ndinaona dzanja lawo likunjenjemera kuyambira pa chigongono mpaka ku zala. Anachita kugwira kapuyo ndi manja awiri kuti ifike pakamwa.

Mtima wanga unawira nthawi yomweyo. Iwo anaika kapu pansi, napukuta manja pa maondo.

"Mayi, ndingamunyamuleko pang'ono?"

"Ndi manja amenewo?"

"Ndikhala chikhalire, sindiimirira naye."

"Munagwetsa mmodzi, sanakukwaneni? Mukufuna uyunso akule ndi chidindo pachipumi?"

Apongozi anati, "Aa, amake mwana, amenewa ndi abambo anu." Koma ine ndikayamba sindimva za munthu. Ndinawauza abambowo kuti anthu onse angawapusitse ndi mapewa awo otupawo koma ine ayi, kuti manja a chidakwa ndimawadziwa ngakhale nditatsinzina. Ndinamaliza ndi mawu akuti, "Mudzabwere tsiku limene manja anuwo adzasiye kuvina."

Abambo anayang'ana manja awo.

"Chabwino, mayi," anatero.

Anasiya kabulangete kaja pa tebulo, natsazika apongozi mwaulemu, n'kutuluka. Tiyi anatsala theka m'kapu.

Anabweranso patatha masiku asanu ndi atatu, Lamlungu masana. Asanakhale n'komwe anatambasula manja onse awiri patsogolo panga, zikhatho zitayang'ana pansi, ngati mwana wa sukulu woonetsa zikhadabo kwa aphunzitsi. Manjawo anali phee. Ngakhale chala chimodzi sichinagwedere. Apongozi anandiyang'ana ndi diso loti nanga lero unena chiyani. Ine mumtima ndinadzitama kuti mwaonatu, munthu amafunika kumuuza zoona pamaso, ndawawongola ndine.

Ndinawakhazika pa sofa n'kuwerama kuti ndiwaike mwana m'manja. Nkhope yanga itayandikira yawo, ndinamva fungo la switi zozizira zija za chifuwa. Pansi pa switizo panali fungo lina limene sindingalisokoneze ndi china chilichonse. Linali fungo la m'bokosi la maburashi.

Mwana anali kale m'manja mwawo. Apongozi akumwetulira, akunena kuti mphunoyo ndi ya agogo ake, palibe kukana. Ine ndangoima. Abambo anadzutsa maso, ndipo ataona nkhope yanga anadziwa kuti ndadziwa. Ndinapirira pang'ono chifukwa cha apongozi, kenako ndinati thewera lanyowa, ndikamusinthe. Thewera linali louma. Mmene ndinkatuluka kuchipinda n'kuti atapita.

M'mawa mwake, Lolemba, ndinakulunga mwana, kumufungata, n'kuuyatsa wa kwa wowotcherera uja. Ndinkafuna ndikamuuze iye ndi gulu lake lonse kuti zitsulo zawozo ndi chinyengo, kuti akusunga chidakwa n'kumachinenepetsa mapewa. Mawu ndinali ndikuwanola njira yonse.

Shediyo ili kumapeto kwa msewu wa magalaja. Kutsogolo kwake kwatsamira mageti ndi mafelemu a mawindo osapenta. Ukazungulira kuseri umapeza kabwalo ka simenti yosweka, denga la malata akale, ndi benchi imodzi yokutidwa ndi chikopa cha mpando wa basi. Zitsulo zake si za m'sitolo ayi. Ndi magiya akale, zitsulo za mabuleki a lole zowotcherera ku mapaipi, ndi zitini za penti zodzaza simenti. Pa chitini chilichonse panalembedwa kulemera kwake ndi manambala oongoka bwino, ndipo dzanjalo ndinalizindikira ndisanafune kulizindikira. Munali amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi. Sanali anyamata monga ndinkaganizira. Wina anali ndi imvi, wina anali mlonda wongoweruka kumene, thalauza la yunifolomu likadali m'thupi.

Wowotchererayo onse ankamutcha Amisiri. Ndi munthu wamfupi, wa chifuwa chachikulu, magalasi akuda ali pachipumi. Anandiyang'ana kamodzi.

"Ndinu mwana wa Apenti," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Ali kuti? Chichokereni Lolemba lapitalo sanapondenso kuno."

Ndinayamba kukhuthula zanga. Anandisiya ndilankhule, mpaka nditafika pa kapu yolira pa kambale. Pamenepo anakweza dzanja.

"Loweruka lija, cha m'ma teni?"

"Eya."

"Taimani kaye, mayi. Amlonda, tabwerani ndi kapu yanuyo."

Mlonda uja anali atangodzuka pa benchi, thukuta lili kamukamu. Anabwera atagwira kapu ya pulasitiki ya madzi. Dzanja lake linkanjenjemera kuyambira pa chigongono mpaka ku zala, madzi akukhavukira pa nsapato zake. Anachita kugwirizira ndi dzanja linalo kuti amwe.

"Awa ali ndi zaka zinayi osalawa," anatero Amisiri. "Munthu akanyamula cholemera kwambiri manja amatero, ola limodzi, mwina awiri, kenako amasiya okha. Abambo anu Loweruka lija anafika kuno oyambirira. Anati akuopa kukaonana nanu, ndipo kwa iwo mantha ndi amene amaitana chibaba. Ndiye anati tiwawonjezere zitsulo. Anakankha makilo 95, chiyambire sanafikepo pamenepo. Anasamba pa mpopi apo, kuvala shati, ulendo wa kwanu."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti sanamwe?" ndinafunsa, koma mawu anga anali atachepa kale.

Amisiri analoza benchi. Munthu wa imvi uja anali atagonapo chagada, chitsulo chili m'manja, ndipo kumutu kwake kunaima mnzake atawerama, zala zili pafupi ndi paipi.

"Kuno palibe amene amagona pa benchi yekha. Pamakhala wina kumutu kwake, kuti chitsulo chikamukanika chisamuphwanye khosi. Ndiye wonyamulayo amapumira kumaso kwako, afune asafune. Ine ndaima kumutu kwa abambo anu m'mawa uliwonse, zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Tsiku limene adya anyezi ndimadziwa. Mowa ndikanaumva." Kenako anandifunsa kuti, "Inuyo Loweruka lija munaumva?"

Loweruka lija sindinawayandikire n'komwe. Ndinawaweruza ndili tsidya lina la chipinda.

"Lolemba anabwera kudzatsazika," anapitiriza Amisiri. "Akuti apuma kaye zitsulo, mwana wawo akufuna manja okhazikika. Ndinawauza kuti Apenti, musatero, chibaba chanu mumachisiya pa benchi apa, mukapanda kubwera mukachitula kuti? Ndawatsatira kuchipinda kwawo kawiri. Amangoti mdzukulu kaye."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira, chifukwa pa kukalipirana ndiye ndimadziwa poima. Ndinayang'ana kumbali kuti ndibise nkhope, maso anga n'kugwera pakhoma. Panali mayina olembedwa ndi choko, lililonse ndi nambala pambali pake. Amisiri anati amenewo ndi masiku osamwa, aliyense amawonjezera yekha akafika m'mawa. Pa dzina la Apenti panali 823.

Walira mvula walira matope. Ndinapempha manja osanjenjemera kwa munthu amene ndinkadziwa bwino lomwe, kuyambira ndili mwana, chimene chimakhazika manja ake. Atabwera ali bwinobwino ndinawathamangitsa, atabwera atamwa ndinawapatsa mwana ndikudzitama. Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka mlonda uja ndi anzake atasiya kundiyang'ana mwachifundo.

Ndili chiimire, chitseko cha malata chinalira ndipo analowa abambo. Anali m'shati ya dzulo yomwe ija, nkhope yotupa, maso ofiira. Atandiona anaima, ndipo ndinaganiza kuti abwerera. Koma anadutsa pambali panga n'kukaima pamaso pa Amisiri.

"Musavutike ndi kundinunkhiza. Ndinamwa dzulo. Kamodzi ndisanapite kwa mwana, ndipo nditachokako ndinamaliza botolo."

Wa imvi uja anabweza chitsulo pamalo pake n'kukhala tsonga. Palibe amene anafunsa chifukwa. Mlonda anatenga nsanza, kuiviika m'ndowa, kuifinya, n'kuwapatsa. Abambo anapita pakhoma n'kufufuta okha, nambala imodziimodzi, mpaka panatsala banga lonyowa. Anadikira kuti paume pang'ono, natola choko, n'kulemba ziro. Dzanja linkanjenjemera kwambiri moti ziroyo sinatsekeke.

Kenako anapita pangodya n'kukhala pa tayala lakale la lole. Amisiri anandiuza chapansipansi kuti lamulo lawo ndi limenelo: womwa sathamangitsidwa, amabwera m'mawa uliwonse ngati anzake, koma amakhala pa tayala sabata yathunthu osakhudza chitsulo. "Enafe tinakhalapo kawiri," anatero, n'kutsitsa magalasi ake kubwerera kwa wa imvi uja.

Ndinapita pangodyapo.

"Abambo, bwanji simunandiuze kuti zinali zitsulo?"

"Mukanakhulupirira?"

Sanadikire yankho langa.

"Ndinakunamizani zaka zambiri, mayi. Munthu ukanama kambiri, tsiku lonena zoona umachita nazo manyazi, chifukwa zimamveka chimodzimodzi ndi mabodza aja." Anapukuta choko ku zala. "Sabata yonse ndinapirira. Manja anakhala bwino ndithu. Koma dzulo ndavala shati, ndikuti ndimange batani, ndikuona ayambanso. Mantha. Ndinakhala pa bedi ola lathunthu kuwadikira. Ndiye ndinati kamodzi kokha, kuti mungondipatsa mwanayo."

Mawu akuti pepani anali asanatulukepo pakamwa panga kupita kwa munthu ameneyu. Anatuluka tsiku limenelo, mokakamira. Ndinagwada pa simenti yosweka ija, amuna onse aja akuona, ndinamasula mwana pachifuwa n'kumutambasulira kwa iwo.

"Munyamuleni, abambo. Anjenjemere asanjenjemere, munyamuleni."

Anamuyang'ana mwanayo. Anali atadzuka, akuyasamula, kankhonya kake kali pa tsaya. Manja a abambo anadzuka pa maondo, nafika pakati, n'kubwereranso.

"Lero ayi, mayi. Mowa ukadali m'thupi. Kuno womwa sanyamula kanthu mpaka sabata ithe."

"Koma ameneyu si chitsulo."

"N'chifukwa chake."

Ndinatsala nditagwada, mwana ali m'malere, mikono ikuyamba kuwawa, ndipo panalibe womulandira. Mlonda anagubuduza tayala lina n'kuligwetsa pambali pa abambo. "Khalani apa, amayi," anatero. Ndinakhala, n'kumutembenuza mwana kuti ayang'ane kwa agogo ake. Kuseri kwathu zitsulo zinayambanso kulira. Abambo anaweramira pafupi n'kumuyang'anitsitsa nthawi yaitali, manja onse awiri atawakhalira.